Injini ya Apongozi Inafera Pamtunda

Pali zolakwa zina zimene munthu ukalapa kwa Mulungu mtima umapepuka. Palinso zina zimene ngakhale Mulungu atakukhululukira, apongozi ako amakhalabe akuzidziwa. Nkhani yangayi ndi ya mtundu wachiwiriwu, ndipo ndikuilemba chifukwa kuikamba pakamwa kwandikanika.

Mwina mufunsa kuti injini ya boti inkafuna chiyani ku Ntcheu, dziko la kachewere ndi kabichi. Inenso ndinafunsa nditangokwatira. Apongozi anga aamuna, a Ngozo, anayendetsa maboti a asodzi ku Mangochi kuyambira ali mnyamata. Atatopa anabwerera kwawo ku Kasinje ndi zinthu ziwiri: nyamakazi ya m'mawondo ndi injini imodzi. Kumeneko n'kuchigwa. Mvula ikakhazikika mtsinje umasefukira, dambo lonse n'kudzaza madzi mpaka miyezi itatu. Anthu a kutsidya, olima mpunga aja, akafuna chipatala, chigayo kapena kukafika pamaliro, ankadalira boti la matabwa la a Ngozo ndi injini imeneyi.

Kunena zoona, inali yosaoneka bwino. Penti inasupuka kalekale. Chivundikiro chake chinkamangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo chingwe cholizira chinali ndi mfundo zitatu. Ikalira inkatulutsa utsi wabuluu woti udzudzu wa m'dambo lonse unkasamuka. Koma mkuluyo akakoka chingwe kamodzi, mwina kawiri, inkalira. Sinawakanepo.

Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala pa Nsipe. Matenda athu aphunzitsi mumawadziwa: tikaona chinthu, dzanja limayamba kuyabwa kufuna cholembera chofiira. A Ngozo anandiona msanga kuti ndine wotero. Sankadana nane ayi, tinkapatsana ulemu wonse, koma pa zaka zonse za ukamwini wanga sanandisungitsepo kanthu, ngakhale khasu. (Ndikapita ku Kasinje n'kufuna kuwathandiza kunyamula injini ija, ankati, “Khalani pamthunzi, aphunzitsi, mudetsa malaya.”)

Kenako ng'ala inawagwira m'maso onse awiri. Anafika poti boti ankaliyendetsa ndi makutu komanso kukumbukira njira basi. Mlamu wanga Esinati, mwana wawo wamng'ono amene amakhala ku Blantyre, anawapezera malo kuchipatala koti akawachite opareshoni, diso limodzi kaye, linalo pakapita masabata. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Apongozi aakazi anatisiya kale, ndiye nyumba ya ku Kasinje inkatsala yopanda munthu, ndipo akuba a masiku ano sasiya ngakhale mtondo.

A Ngozo anatsika pa Nsipe m'mawa, injini ili m'chiguduli. Atakhala pakhonde n'kulandira moni, anaika dzanja pachigudulipo.

“Bambo a Tadala, ndabwera ndi mkazi wanga wachiwiri. Mundisungire mpaka ndibwere.”

Mtima wanga unadumpha ngati wa mwana wasukulu amene wapatsidwa belu kuti aziliza.

“Musade nkhawa, bambo. Mudzaipeza bwino kuposa mmene mwaisiyira.”

“Ndidzaipeze mmene ndaisiyira,” anatero. “Ndipo musaiwale, imeneyi ndi nsomba.”

Ndinaseka kwambiri, monga amasekera mkamwini apongozi akanena nthabwala imene sanaimvetse.

Sabata yoyamba injini inakhala kuchipinda, kuseri kwa matumba a chimanga, ndipo ine ndinkangoisuzumira. Vuto linayambira kutchalitchi. Kuseri kwa tchalitchi chathu kuli kashedi kumene achinyamata amaphunzira kukonza njinga zamoto, zija za kabaza. Wapampando wa komiti yoyang'anira malowo ndine (musafunse kuti anandisankha bwanji, ndinali ndekha wovala tayi tsiku la chisankho). Mphunzitsi wawo, a Chimbalanga, munthu wofatsa ndi wodziwa ntchito yake, anandidandaulira kuti ophunzira atopa ndi kumasula njinga imodzimodzi yomweyo. Ankafuna chinthu chachilendo choti achiphwasule n'kuchimanganso.

Ndinafika kunyumba nkhani itapsa kale m'mutu mwanga. Mkazi wanga, Nangozo, ndinamupeza akusankha nyemba.

“Mayi a Tadala, tangoganizani. Bambo akubwera ndi maso atsopano. Chinthu choyamba kuchiona chikhale injini yatsopano.”

“Yawonongeka?” anafunsa osadzutsa mutu.

“Ayi, koma ikufuka utsi.”

“Chibadwire changa ikufuka utsi. Yawonongeka?”

“Sinawonongeke, koma munthu sudikira kudwala kuti upite kusikelo. Ndiponso ana aja akufunika kuphunzira. Akapanda kugwira zinthu zenizeni, dziko lino lidzatukuka bwanji?”

“Dziko litukuke ndi njinga yanu ili pakhondeyo,” anatero. “Chinthu chikuyenda, mukuchifuna chiyani? Mkamwini asamakule mwendo.”

Ndinamuuza kuti maganizo otere ndi amene atisaukitsa m'dziko muno. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndi zitsanzo. Iye anangopitiriza kusankha nyemba. Mawa lake atapita kumsika wa pamsewu kukagulitsa tomato, ndinakweza injini pa wilibala n'kudutsa njira ya kuseri.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa anthu ena pa Nsipe amati ana aja ndi amene anapha injini. Ayi ndithu. Anagwira ntchito mosamala kuposa mmene ndinkayembekezera. Anayala chiguduli choyera, bawuti iliyonse akaimasula ankaiika m'kachitini kake. Anatsuka zonse ndi petulo, anaika mapulagi atsopano, anasintha chingwe chija cha mfundo zitatu. Mwendo wa injini, uja umalowa m'madzi wokhala ndi chopalasira kunsi, sanautsegule chifukwa mabawuti ake anali atagwirana ndi dzimbiri. Mphira ya chubu anaitaya, n'kuwotcherera kachitsulo kotsekera bwinobwino. Pomaliza anaipaka penti yofiira. Mtunduwo ndinasankha ndine.

Ndinkapita tsiku lililonse, manja kumbuyo, ngati woyendera sukulu. Tsiku lina mtsikana wina wa m'gulumo, Lonjezo, amene a Chimbalanga ankati ndiye mutu wa kalasi, anandiitana mwaulemu.

“A tcheya, pepani. Kumbuyo kuno kuli kabowo kakang'ono, ndipo kunsi kwa mwendowu kuli timing'alu ngati sefa. Sitikudziwa ntchito yake. Mwina inu munaionapo ikugwira ntchito.”

Munthu wanzeru akanati sindidziwa. Koma ine pa zaka zonse za uphunzitsi sindinanenepo mawu amenewo pamaso pa ophunzira, ndipo lilime linali litaiwala katchulidwe kake.

“Mpweya, mwanawe,” ndinatero. “Injini iliyonse imazizira ndi mphepo. Njinga zanuzi zimazizira ndi chiyani?”

“Ndi mphepo.”

“Basitu. Umalowera kunsiko n'kutulukira pakabowopo.”

Lonjezo analemba m'kope mwake. Mpaka lero ndikaganiza kuti mawu amenewo ali m'kope la mwana wa eni, thupi limachita tsembwe.

A Chimbalanga anayesetsa, ndisawanamizire. Ntchito itatha anandikokera pambali n'kunena chapansipansi kuti, “A tcheya, ine ndine wa njinga, za m'madzi sindizidziwa. Bwanji tidikire eni ake, kapena tikaiyesere kumadzi?”

“Madzi ndi a boti, a Chimbalanga, si a injini. Inu njinga mukaikonza mumaiyesera ku Blantyre? Si pompano?”

Anangoti chabwino. Kuno kwathu wapampando satsutsidwa kawiri.

Tinaiyesa Loweruka m'mawa. Tinakhoma thabwa pakati pa mitengo iwiri ya mango kuseri kwa shedi, n'kuimangirira pamenepo, mwendo uli lende m'malere. Ndinaitanako a komiti anzanga, ndipo a kabaza a pasiteji anabwera okha. Lonjezo anakoka chingwe kamodzi kokha, injini n'kulira. Abale, inalira. Phokoso lake linali loposa limene ndinkalimva ku Kasinje, lakuthwa, long'amba m'makutu, ndipo ine ndinati imeneyo ndiyo mphamvu yatsopano. Anthu anawomba m'manja. Ndinayamba kulankhula mawu ochepa okhudza achinyamata ndi luso la manja, ngakhale panalibe amene ankandimva. Injini ikulirabe. Ndinauza mnyamata wina kuti awonjezere moto kuti a komiti amve bwino.

Pamenepo m'pamene inandibwerera nzeru yomaliza. Ndinaimbira Esinati, ndinamuuza kuti aike foni kukhutu kwa bambo. Diso lachiwiri anali atangolichita kumene, lidakali m'bandeji.

“Bambo, mwadzuka bwanji? Tamverani kuno. Mukumudziwa ameneyu?”

Ndinalozetsa foni kuinjini, kenako n'kuibweza kukhutu. 

“Ili kuti?” anafunsa.

“Pompano pa Nsipe, bambo. Ana athu aikonza yonse, simudzaizindikira.”

“Ikukodza?”

Ndinaganiza kuti phokoso landisokoneza. A Ngozo ndi mkulu wa mpingo, ndipo mawu otere anali asanatulukepo pakamwa pawo ine ndilipo.

“Pepani bambo, mwati bwanji?”

“Ndati ikukodza?”

Ndinawerama n'kusuzumira pansi. Fumbi linali louma gwa. Ndinanyadira.

“Ngakhale dontho, bambo. Paliponse amanga bwino. Ana awa agwira ntchito yaukhondo.”

“Zimitsani.”

Sanakuwe. Koma liwu limenelo ndinali ndisanalimvepo. Ndinakweza dzanja kuti azimitse. Apa m'pamene tinazindikira kuti kabatani kozimitsira, kamene kale kanali kofiira pa injini yotuwa, tsopano kanali kofiira pa injini yofiira. Anthu asanu ankapapasa uku ndi uku. Fungo la mphira yopserera linatikuta, penti ya pamwamba inayamba kutuluka matuza. Tisanakapeze kabatani kaja, injini inakhosomola kawiri, inalira ngati chitsulo chikukhulana ndi mwala, n'kuzima yokha.

 Lonjezo anayesa kukoka chingwe, koma sichinasunthe ngakhale pang'ono.

Foni inali idakali kukhutu kwanga.

“Yazima yokha,” anatero a Ngozo. Silinali funso.

“Eya, bambo.”

Anapuma mozama. Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana. Injini ya boti, anati, imamwa madzi kudzera m'timing'alu ta kunsi kwa mwendo. Madziwo amazungulira m'kati kuiziziritsa, n'kutulukira pakabowo ka kumbuyo ngati kamkodzo. Woyendetsa boti aliyense diso lake limakhala pakamkodzo kameneko. Kakaleka, umazimitsa nthawi yomweyo. Pamtunda, yopanda madzi, siilizidwa n'komwe.

Ndili chiimire pomwepo ndinakumbuka mgolo. Nthawi ya chilimwe, Loweruka lililonse, a Ngozo ankadzaza madzi mumgolo kuseri kwa nyumba yawo, n'kumiza mwendo wa injini mmenemo asanailize. Ndinawaonapo kambirimbiri. Ndinkauza mkazi wanga kuti bambo ako akalamba, afika posambitsa injini ngati khanda. Nsomba ija inali imeneyi, ndipo ine ndinali nditaipachika mumtengo wa mango.

A kabaza anabalalika mmodzimmodzi. A Chimbalanga ankangoyang'ana nsapato zawo. Lonjezo anatsegula kope lake, anafufuta mzere umodzi, n'kulitseka osandiyang'ana. Akanandilalatira zikanakhala bwino.

Kunyumba Nangozo sananene kuti ndinakuuzani. Analira. Ndinali ndisanaganizepo kuti kwa iye phokoso la injini ija linali phokoso la kwawo, limene ankalimva ali mwana n'kudziwa kuti bambo afika.

Sindinagonje msanga. Ndinaikweza m'minibasi mpaka ku Mangochi, kwa makaniko wina wachikulire amene asodzi anandilozera. Anatsegula chivundikiro, ananunkhiza, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

“Anaiphika ndani?”

“Zinangochitika,” ndinatero.

“Inu ndi a kumapiri eti?”

Ndinavomera. Anandionetsa m'kati: zitsulo zinali zitasungunuka n'kugwirana, mutu wake utang'aluka. Anati mtundu umenewo unasiya kubwera kalekale, zipangizo zake sizipezeka, ndipo yokhayo inakhalitsa chifukwa mwini wake ankaidziwa ngati mwana wobala yekha. Anandifunsa ngati ndingamugulitse chopalasira chokha. Ndinabwerera nayo pa Nsipe.

A Ngozo anabwera kumapeto kwa Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana kumapiri. Anatsika m'basi okha, opanda womugwira dzanja, akuwerenga zikwangwani za m'magolosale mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Maso onse awiri anali atatseguka. Ndinali nditaika injini pakhonde, poti kuibisa kukanangowonjezera manyazi. Inali psuu, yofiira, yokongola kuposa tsiku lililonse la moyo wake, kupatula pamene penti inatupa.

Anaima patsogolo pake nthawi yaitali.

“Zaka zinayi ndakhala ndikuigwira osaiona,” anatero. “Kuchipatala kuja atandimasula bandeji, ndinati ndikaione kaye imeneyi, kenako zidzukulu.”

Ndinagwada pansi, tayi ndi mathalauza a kutchalitchi zomwe. Ndinanena zonse, za wilibala, za mpweya, za a Chimbalanga amene anandichenjeza. Ndinati ana aja alibe mlandu.

“Mphira yanga ija munaitaya?”

“Anaitaya, bambo. Ndinawauza ndine.”

Anagwedeza mutu. Anagwira chingwe chatsopano chija n'kuchikoka pang'ono, mwina pofuna kungotsimikiza. Kenako anachisiya.

“Mwaipaka bwino,” anatero. “Dzukani, aphunzitsi. Anthu akuona.”

Mvula siidikira kuti apongozi ndi mkamwini athane. Pofika Khrisimasi dambo la ku Kasinje linali litadzaza, ndipo anthu a kutsidya anayamba kuima pagombe m'mawa uliwonse monga mwa nthawi zonse. Ndalama yogulira ina panalibe. Panatsala nkhafi ziwiri zakale zimene zinkakhala kudenga, ndi mkulu wa nyamakazi m'mawondo. Palibe anandituma. Ndinalongedza kachikwama n'kutsikira kuchigwa, ine munthu wa kumapiri amene madzi akuya kwambiri amene ndinalowamo ndi a m'bafa.

Masiku oyamba boti linkangozungulira pamodzi ngati galu wofuna pogona. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, pamalo pake panamera zikang'a. Ulendo umene injini inkautha munthu asanamalize kudya chimanga chimodzi chootcha, ife unkatitengera ola lathunthu ndi kuposa. Madzi akathamanga kwambiri sitinkawoloka n'komwe. Tsiku lina lotero mayi wina anaima kutsidya ndi mwana wodwala kumsana, akutikodola. Tinayesa kawiri, madzi n'kutibweza. Anayenda wapansi kuzungulira mpaka kumlatho, n'kukafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Mwanayo anachira, tithokoze Mulungu. Koma tsiku limenelo ndinasiya kuiona nkhaniyi ngati yoseketsa, ngakhale pa Nsipe a kabaza akadandiitanabe kuti a Mpweya.

Patapita masiku, mayi yemweyo anakwera boti lathu pobwerera kusikelo. Munali anthu asanu ndi mmodzi ndi thumba la mpunga. Ine ndinali kutsogolo ndi nkhafi yanga, msana utaloza kwa iwo. Tili pakati pa madzi, anafunsa.

“Agogo, kodi injini ija ili kuti? Chaka chino tavutikatu.”

Nkhafi inandilemera. Ku Kasinje kunalibe amene ankadziwa, ndipo ndinaona kuti tsiku lake lafika. Ndinali wokonzeka. Mwina ndinkafuna n'kufuna kuti zituluke, anditukwane onse, ndipepukidwe.

“Inakalamba, mayi,” anatero a Ngozo. “Yagwira ntchito yake. Chilichonse chili ndi tsiku lake.”

Anthu anadandaula, wina anati zinthu zakale zinali zolimba, nkhani n'kupita kwina. Ine ndinapalasa osacheuka, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Mkulu wa mpingo, munthu amene mudzi wonse umamuitana kukachitira umboni pa milandu ya malire a minda chifukwa sanama, ananamizira injini yake kuti inafa ndi ukalamba, pofuna kuti mwamuna wa mwana wake asachite manyazi pamaso pa anthu. Ndinawawonongera injini, ndipo tsiku limenelo ndinawawonongetsanso mawu awo.

Mukandifunsa lero ngati n'koyenera kupereka injini yoyenda bwino kwa ophunzira kuti aiphwasule, ndikuuzani kuti ophunzirawo si oopsa. Woopsa ndi wachikulire woima kumbuyo kwawo, amene sangathe kunena kuti sindidziwa. Kaya ndachira matendawa, sindilonjeza. Dzulo lomweli ndinadzipeza ndikufotokozera a Ngozo njira yabwino yogwirira nkhafi.

Tsiku lija la funso la mayi uja, titafika pagombe, anthu atatsika, ndinatsala ndikumangirira boti.  A Ngozo anatola nkhafi zonse ziwiri, anaika paphewa, n'kuyang'ana kumapiri kumene mvula ina inkachokera.

“Mawa mulawire, bambo a Tadala,” anatero. “Kutsidya kuli odwala.”